Chipolopolo Chosalira

Chisuweni ndi chokoma, koma chili ndi vuto limodzi limene makolo athu sanaliganizire: msuweni wako sungamuuze zoona. Ungamutchule galu, mbuzi, mfiti yopanda manyazi, iye aseka n'kukubwezera kawiri. Ndiye lifike tsiku loti umuuze kuti nyumba yake ikupsa, asekanso chimodzimodzi, n'kukufunsa ngati wabwera ndi chimanga choti muwotche.

Vitus ndi Edmond anali asuweni enieni, osati awa a m'tauni ongopezana pa bala. Mayi ake a Edmond ndi bambo ake a Vitus anali a bere limodzi, kwawo ku Mtakataka. Awiriwa anakula akutukwanana, anakaphunzira ku Mua akutukwanana, ndipo tsiku loika maliro a bambo ake a Vitus, Edmond anamuyandikira kumanda n'kumunong'oneza kuti, "Lira bwino iwe, ukulira ngati ng'ombe ya chimfine." Vitus anaseka misozi ili chuchuchu, ndipo mpaka lero amanena kuti mawu amenewo anamuthandiza kuposa ulaliki wa tsikulo.

Tsopano onse anali ndi imvi, ndipo ntchito inali itawaponya ku Nairobi. Edmond ankayendetsa za malole a chakudya ku bungwe lina lothandiza othawa kwawo, ndipo ankakhala ku Ruaka ndi mkazi wake Pauline. Vitus ankagwira ku bungwe la mpingo ku Kasarani, yekhayekha, poti mkazi ndi ana anatsala ku Lilongwe chifukwa cha sukulu. Mumzinda wonse wa anthu mamiliyoni, wachibale wake anali mmodzi yekhayo, wom'tchula galu uja.

Loweruka lililonse m'mawa ankapita ku kalabu yowombera mfuti ku Lang'ata, kuseri kwa bwalo la ndege la Wilson, kumene tindege timadutsa motsika mpaka malata kunjenjemera. Musaganize za umbanda ayi. Kumeneko anthu amawombera mapepala ndi mbale zachitsulo, mfuti zimagona m'chipinda chokiya cha kalabu, ndipo munthu amatuluka pageti ndi fungo la wonga lokha basi. Vitus, poti anali wodekha, anasankhidwa kukhala woyang'anira pamzere. Ankavala vesiti yofiira, ndipo membala aliyense wofuna kuchoka pa mfuti yaing'ono kupita pa yaikulu ankayenera kuwombera zipolopolo zisanu iye akuona, kenako iye n'kusayina khadi. Popanda dzina la Vitus pa khadipo, mfuti yaikulu sinkatuluka m'chipinda muja, kupatula pa kuyesedwa kumeneku.

Edmond anali atawombera pisitoli ya naini mili kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Chaka chimenecho chinali chake chomaliza, poti Disembala ankapuma pantchito n'kubwerera kumudzi, ndipo anali atatsimikiza mtima kuti asanachoke alowe mpikisano wa mapisitoli akuluakulu, umene opambana ake amalembedwa pa thabwa la mu holo. Chotsala chinali kusankha mfutiyo. Mwezi wathunthu munthuyo sankalankhula china. Mukamba za mvula, iye fote-faifi. Mukamba za mpira, iye teni mili. Ngakhale potuluka m'tchalitchi ankaonetsa Vitus zithunzi pa foni, ngati mnyamata woonetsa anzake chibwenzi.

Lachinayi masana, kutatsala masiku awiri kuti akasankhe, Pauline anafika ku ofesi ya Vitus osaimba foni. Anali atakwera maminibasi awiri, aja kumeneko amati matatu, nsapato zili fumbi lokhalokha.

"Mwaswera bwanji, alamu?"

"Ndaswera, kaya inu? Mwachithawa chimunthu chija? Ndinakuuzani kalekale kuti munalakwitsa msuweni, woyenera kukukwatirani ndinali ine."

Pauline sanaseke. Anakhala pansi, n'kutulutsa m'chikwama pepala la kuchipatala lopindidwa kanayi. Vitus analiwerenga kawiri.

"Ndi Parkinson," anatero Pauline. "Anatiuza mu Malichi. Ndi dzanja lamanja. Likamagwira ntchito simungadziwe kanthu. Koma lingoima malo amodzi pang'ono, limayamba, poyamba chala chachikulu, kenako lonse. Sabata yatha tinkadikira chikepe, iwo atanyamula thireyi ya mazira. Chikepe chinachedwa, alamu. Ndinakolopa ndekha, iwo atalowa m'nyumba osalankhula."

Apo Vitus anakumbukira zinthu zimene maso ake anaona koma mutu sunasamale. Miyezi yapitayi Edmond anali atayamba kuwombera mothamanga, zipolopolo zisanu mpweya umodzi, n'kuika mfuti pa tebulo msangamsanga, dzanja n'kuponya m'thumba. Vitus anali atamuseka nazo kangapo, kumufunsa ngati wasiya mkaka pamoto.

"Mpikisanowo," anafunsa Pauline, "amati munthu amaima mfuti ili m'manja, zipolopolo zili momo, kudikira wenzulo. Amadikira nthawi yaitali bwanji?"

"Nthawi zina mphindi yathunthu."

"Anthu ali pafupi?"

"Ali pafupi."

"Ndiye musasayine. Ndagwira mwendo wanu, musasayine. Koma musanene kuti ndakuuzani ndine, anandilumbiritsa. Akuti safuna anthu aziwayang'ana ngati maliro oyenda. Lankhulani nawo, inu amakumverani."

"Ine? Alamu, munthu ameneyo sanandimverepo chibadwire."

Pauline atapita, Vitus anakhala pa mpando atagwira njakata. Akasayina, ndiye kuti waika mfuti yolira m'dzanja lonjenjemera, pakati pa anthu. Akakana, lamulo la kalabu linkafuna kuti alembe chifukwa chimene waona ndi maso ake pamzere, ndipo Edmond ndi liwiro lake lija akanapambana mayeso mosavuta. Njira yabwino inali imodzi, kuti Edmond asinthe maganizo yekha n'kusankha mfuti yaing'ono. Vitus anachita mantha, ndipo sanali mantha a ngozi okha. Ankaopa kutaya msuweni wake.

Loweruka anakamutenga ku Ruaka monga mwa nthawi zonse. Kunali kachisanu, akabaza a njinga zamoto, aja amati boda boda, atavala majekete awiriawiri pa mphambano. Edmond analowa m'galimoto akuimba mluzu, atameta ndevu, kununkhira ngati akupita ku ukwati.

Atafika pa msewu wolambalala mzinda, Vitus anatsitsa wailesi.

"Edmond, ndikufuna tikambirane nkhani yeniyeni."

"Wapereka mimba? Pa msinkhu wakowo? Ndikaperekera Misa yothokoza."

"Dzanja lako silili bwino. Ndakhala ndikuliona."

"Dzanja langa linakugwetsa kuseri kwa kalasi ku Mua, ndipo lero likhoza kubwereza. Imika galimoto uone."

"Sindikuseka ine."

"Ndi nkhope imeneyo usaseke ndithu, anthu angathawe."

"Edmond, wakutsina khutu ndi mnansi."

"Wakutsina khutu ndi nkhanu. Yendetsa galimoto, mbuzi iwe, lole iyo ikutipitirira."

Anaseka mokweza, kuseka kwake kuja kogwedeza mimba, ndipo Vitus, chizolowezi cha zaka makumi asanu, anapezeka kuti nayenso wamwetulira. Umu ndi momwe chisuweni chimagonjetsera munthu. Ulowe ndi nkhani ya imfa, utuluka uli mano pamtunda. Koma poyang'ana galasi la kumanzere, Vitus anaona kuti msuweni wake wakhalira dzanja lamanja, waliponda ndi ntchafu, ndipo anayenda choncho mpaka ku Lang'ata.

Wosunga mfuti pa kalabupo anali Gregory, bambo wachikulire wa ku Machakos, wolankhula pang'ono, amene ankagwira mfuti ngati mzamba. Anayala nsalu yobiriwira pa kauntala n'kuikapo mapisitoli atatu, onse opanda zipolopolo, onse ataloza kukhoma.

"Karibuni, wazee," anatero powalandira m'Chiswahili. Analoza yoyamba. "Iyi ndi fote-faifi. Chitsulo chokhachokha, yolemera. Chipolopolo chake ndi ichi, chonenepa ngati chala chachikulu. Siluma, imakankha, koma imakankha ndi thupi lonse. Mbale ikaikhudza, yagwa. Koma muisamale, ndi yofewa pokhethemula. Chala chikangoyetsemula, yalira."

Yachiwiri inali teni mili, yakuda, yopepukirapo. Gregory anati imeneyo ndi yaukali, imamenya theche m'mkono, ndipo achinyamata amaikonda chifukwa cha phokoso lake. Zonsezo, anakumbutsa, zikalira zimalavula khoko n'kudzilowetsera chipolopolo china zokha, choncho m'dzanja la munthu zimakhala zokonzeka kulira kachiwiri iye asanaganize.

"Nanga iyo?" anafunsa Vitus, ngakhale ankaidziwa bwino lomwe.

"Twente-thu. Kulira kwake ngati kuthyola nkhuni youma. Sikankha konse. Anthu odziwa kuwombera amathera pa imeneyi. Ndipo m'chipinda cha pamwamba tili ndi za mpweya, za mamita khumi. Kumeneko ena amawombera atakhala pansi, mkono utatsamira. Nazonso zili ndi mpikisano wake."

"Wamva, Edmond? Tenga twente-thu. Ndi yokongola, taiona."

"Ya mbewa iyo. Kuli bwino ndibwere ndi legeni."

"Thabwa lomwelo amalembaponso a twente-thu."

"Amalemba, inde, pansi penipeni, pomwe amatsamiritsa mopu. Tenga iweyo, ikuyenera. Munthu woopa ngakhale baluni pa phwando la ana."

Gregory anaseka, ndipo mamembala ena amene anali pambuyo, mayi wina dokotala wa mano ndi bambo wina wogulitsa matayala, anasekanso, ngakhale Chichewa sankachimva. Anali atazolowera kuti Amalawi awiriwa akayamba phokoso, penapake pali choseketsa.

Edmond ananyamula teni mili, kuiyeza kulemera, n'kuibweza. Kenako ananyamula fote-faifi. Anaitukula, kuloza kukhoma, n'kuitsitsa msanga, koma sanaisiye. Anaisisita ndi dzanja lamanzere, nkhope yake itafewa mwa njira imene Vitus anali asanaione kwa zaka zambiri.

"Vitus," anatero motsitsa mawu, "zaka makumi atatu ndakhala ndikutumiza chimanga cha eni kwa eni. Dzina langa lili pa mapepala a malole okha, ndipo amenewo amawotcha pakatha zaka zisanu. Ndikufuna ndisiye dzina penapake pa khoma mumzinda uno. Ngakhale nambala firii." Anatsokomola, n'kukweza mawu. "Kuti iwe uziliona Loweruka lililonse, uzipsa mtima. Gregory, nipe hii, ndipatse iyi."

Vitus anatenga magazini, kachitsulo kaja kolowetsa zipolopolo mu mfuti, ndi bokosi la zipolopolo n'kupita ku tebulo lake la kumbuyo kwa mzere, poti pa mayeso woyang'anira ndi amene amadzaza magazini. Pa tebulopo panali kachitini ka zipolopolo zapulasitiki, za mtundu wa lalanje, zopanda wonga, zophunzitsira anthu atsopano. Mphunzitsi amasakaniza chimodzi pakati pa zenizeni kuti aone ngati munthu amagwedeza mfuti poopa kulira kwake. Koma lamulo lake ndi lakuti uyambe wamuuza mwiniwakeyo kuti muli chabodza, iye avomere. Palinso lamulo lina, lalikulu kuposa onse pa kalabupo: mfuti ikangoti kha osalira, usaitsitse, usaitsegule, usatembenuke. Ikhale chilozere ku chandamale mpaka woyang'anira awerenge masekondi makumi atatu, chifukwa wonga wina ndi waulesi, umayaka mochedwa.

Vitus anayang'ana kachitini kaja nthawi yaitali. Anadziwa kuti chimene akuganiza ndi chinyengo, ndipo anadziwanso kuti chigwira ntchito. Mutu ukakula sulewa nkhonya, anadziuza, ngakhale pa awiriwo wamng'ono anali iye. Analowetsa zenizeni ziwiri, kenako chapulasitiki, kenako zenizeni ziwiri pamwamba.

Anthu anavala zotseka m'makutu. Dokotala wa mano anaima m'malo ake kumanzere kwa Edmond, kuseri kwa kathabwa kolekanitsa owombera, ndipo ena anaima pambuyo kuti aone fote-faifi ikugwira ntchito. Vitus anapereka magazini osamuyang'ana msuweni wake m'maso, n'kulamula m'Chingerezi monga amachitira kuti alowetse n'kukonzeka.

"Taona bwino, uphunzire," anatero Edmond.

Chipolopolo choyamba chinalira mpaka fumbi linatsika ku malata. Pakati penipeni pa pepala panaoneka bowo loti mwana angalowetsemo chala. Chachiwiri chinatsatira pompo, bowo lake kugundana ndi loyamba. Wogulitsa matayala anawomba m'manja. Munthuyo ankadziwa kuwombera, zimenezo palibe angatsutse.

Chachitatu chinangoti kha.

"Usasunthe!" anakuwa Vitus. "Loza komweko. Chala kunja." Ndipo anayamba kuwerenga mokweza. "Wani. Thu. Firii."

Edmond anachita zonse monga mwa lamulo. Anachotsa chala n'kuchigoneka m'mbali mwa mfuti, mikono ili chitambasukire, maso ku chandamale. Pamzere ponse panali zii. Kandege kena kanadutsa pamwamba, phokoso lake n'kuzimirira cha ku nkhalango yosungirako nyama yoyandikana ndi kalabuyo.

Pofika seveni, chala chachikulu chinayamba. Kanali kakang'ono, koti ukanati mwina ndi ntchentche yam'tera. Vitus anapemphera mumtima kuti zithere pomwepo, kuti Pauline akhale kuti wakokomeza, kuti iye akhale chitsiru chimene chasokoneza mayeso pachabe. Pofika teni, dzanja lonse linali litalowa m'gule. Edmond analimbitsa la kumanzere kuti ligwire mnzake, mitsempha ya m'khosi inatuluka, thukuta linatsika kuseri kwa khutu, koma dzanjalo silinkamva za mwini wake.

"Fifitini. Sikisitini."

Mlomo wa mfuti unkalemba timizere m'malere, kenako tinakula. Chitsulo chinayamba kulira chokha, kwetekwete, pogundana ndi mphete ya ukwati. Palibe amene ankawombanso m'manja. Ndiye pang'onopang'ono mfutiyo inayamba kutsika n'kupendekera kumanzere, kumene kunali kathabwa kaja, ndipo dokotala wa mano anabwerera m'mbuyo sitepe imodzi mwakachetechete, ngati munthu wosafuna kukhumudwitsa.

Sitepe imeneyo Edmond anaimva. Vitus anaona khutu lake likugwedera.

Pa twente Vitus anayandikira n'kuika dzanja lake pamwamba pa manja a msuweni wake, n'kubweza mfutiyo ku chandamale. Akanatha kulekeza pomwepo, poti iye yekha ankadziwa kuti mulibe wonga woti n'kuyaka. Koma akanalekeza, akanaulula. Choncho anapitiriza kuwerenga bodza lakelo mpaka kumapeto, manja atatu pa mfuti imodzi, ndipo kunjenjemerako kunkadutsa m'chikhatho chake n'kukwera mpaka m'phewa. Anali asanagwirepo dzanja la Edmond nthawi yaitali choncho chiyambire ali ana. Linali lozizira, ndipo linkalimbana ngati nkhuku yogwidwa miyendo.

"Sate."

Vitus anatenga mfuti, kuchotsa magazini, n'kukoka chitsulo cha pamwamba kuti chotsalira chituluke. Chinadumpha, chinagwa pa simenti popanda kulira kwa mkuwa, chinagubuduzika n'kukaima pa nsapato ya Edmond. Chinali cha lalanje, choonekera kutali. Aliyense pamzerepo ankadziwa kuti ndi chiyani, ndipo ankadziwanso kuti sichilowa chokha m'magazini.

Edmond anachiyang'ana. Anavula zotseka m'makutu n'kuziika pa tebulo mosamala. Sanabisenso dzanja, analisiya lipitirize zake pambali pa ntchafu, poyera.

"Sunandiuze," anatero.

"Sindinakuuze."

Vitus anadikira. Anadikira kuti amutchule Yudasi, njoka, mwana wa mfiti. Anadikira ngakhale chibakera, ndipo akanachilandira ndi chimwemwe. Edmond anangotulutsa khadi m'thumba la malaya ndi dzanja lamanzere n'kumupatsa.

"Lemba."

Vitus analemba kuti wowombera sangathe kugwira mfuti osaigwedeza kwa masekondi makumi atatu, n'kusayina pa mzere wokana. Edmond anaima pambali akudikira ngati mwana wa sukulu, anawerenga, n'kubweza khadilo m'thumba. Dokotala wa mano anali atayamba kufunafuna chinthu m'chikwama chake chimene sichinalimo.

Potuluka anadutsa pa kauntala. Gregory anali atamva kale, poti nkhani yotere siyenda pansi.

"Pole, mzee," anatero pomupepesa Edmond m'Chiswahili. "Pole sana. Bwerani pamwamba muone za mpweya zija. Pali mzee wina amabwera Lachitatu, ali ndi zaka seventefaifi, amawombera atakhala. Mungagwirizane."

"Asante, Gregory. Tsiku lina."

Anayankha mwaulemu, akumwetulira, n'kugwirana naye chanza ndi lamanzere. Ku thabwa la mu holo sanayang'aneko.

M'galimoto wailesi sanaiyatse. Anadutsa mpanda wa nkhalango, anadutsa malole ofola pa sikelo. Vitus anayesa kutsegula pakamwa katatu konse, koma chimene chinkabwera chinali nthabwala zokhazokha, poti chilankhulo china ndi munthu ameneyu analibe. Atayandikira Ruaka, Edmond analankhula akuyang'ana pawindo.

"Ndi Pauline?"

Vitus anangoyang'ana msewu.

"Usade nkhawa, sindimufunsa. Wavutika mokwanira." Kenako anawonjezera kuti, "Mayi wa mano uja anabwerera m'mbuyo."

"Edmond, ndinayesa kukuuza m'mawa."

"Unayesa. Ndinamva." Galimoto itaima pageti, anatsegula chitseko, n'kutembenuka. "Wachita bwino. Zikomo."

Vitus anakhala m'galimotomo injini ikulira mpaka mlonda anabwera kudzafunsa ngati pali vuto. Zaka makumi asanu, Edmond anali asanamuuzepo zikomo. Vitus anam'bwereka njinga, anam'perekeza kokafunsira, anagona naye kuchipatala masiku anayi pamene anam'chita opaleshoni, ndipo malipiro ake nthawi zonse anali chipongwe. Zikomo ameneyu anamupweteka kuposa mawu ena alionse amene anamvapo.

Masabata atatu anadutsa. Loweruka Vitus ankapita yekha ku Lang'ata, kuvala vesiti yofiira, kuwerengera anthu masekondi. Anakauza komiti ya kalabu yekha kuti anaphwanya lamulo la chipolopolo chapulasitiki, ndipo iwo anam'dzudzula pang'ono n'kumuthokoza kwambiri, zimene zinamunyansa. Mpikisano unachitika, wogulitsa matayala anatenga nambala firii. Mameseji ake Edmond ankayankha onse, mosachedwa, mawu awiri kapena atatu, aulemu.

Lamulungu lina atatuluka ku Misa, Vitus anagula nthochi za ku Kisii pa msewu n'kukwera ku Ruaka. Pauline anam'tsegulira chitseko n'kumugwira mkono ndi manja awiri.

"Alamu, Mulungu akudalitseni. Ayamba kumwa mankhwala bwinobwino tsopano. Auzanso ana."

Zinali nkhani zabwino, ndipo Vitus anayesetsa kukondwera. Pabalaza Edmond anaimirira kumulandira, chinthu chimene anali asanachitepo, n'kumulozera mpando wabwino uja wa pawindo umene kale ankaulimbirana.

"Mwaswera bwanji kuno?" anafunsa Vitus.

"Taswera. Kaya ku Kasarani? Alamu ku Lilongwe ali bwanji? Ana mayeso anayenda?"

Anafunsa za mwana aliyense, mmodzimmodzi, n'kumvetsera mayankho. Pauline anabweretsa tiyi. Kapu ya Edmond inali yothiridwa theka, ndipo anaigwira ndi manja awiri. Anakamba za mvula, za mitengo ya makontena otumizira katundu kumudzi, za nyumba ya ku Mtakataka imene inkafunika denga. Munalibe mkwiyo m'mawu ake, ngakhale pang'ono. Ankalankhula ndi Vitus monga momwe munthu amalankhulira ndi mlendo wolemekezeka wochokera ku mpingo.

Vitus sanathe kupirira. Anaganiza zoponya mwala umodzi, mwina galu wakaleyo n'kuuwa. Anaika kapu pansi, anakweza mawu, n'kuyesa kuseka.

"Koma wakalamba, galu iwe! Taona momwe wakhaliramo, ngati thumba la makala lovumbwidwa ndi mvula. Kumudzi akakakuona akafunsa kuti Edmond yemwe uja mwam'siya kuti."

Ku khitchini mbale zinasiya kulira. Vitus anadikira, atakonzeka kulandira chilichonse, za mphuno yake, za dazi lake, za mayeso a fomu thu amene analephera.

Edmond anamuyang'ana nthawi yaitali, mofatsa, n'kugwedeza mutu.

"Ndi zoona, msuweni," anatero. "Ndakalamba."

Kenako anamufunsa ngati shuga wakwana mu tiyi.